Mankhwala Olimbana ndi Khansa ya Nembanemba Yokuta Mapapo

Phapo lililonse la munthu ndi lokutidwa ndi nembanemba yopyapyala kwambiri, ndipo nembanemba yomweyo imapindika n'kuyala mkati mwa nthiti. Pakati pa zigawo ziwirizi pamakhala timadzi tochepa tothandiza kuti phapo liziterereka munthu akamapuma. Khansa yoyambira pa nembanemba imeneyi imatchedwa mesothelioma, ndipo ndi yosiyana ndi khansa ya m'mapapo yomwe kawirikawiri imabwera chifukwa cha fodya. Siikula ngati chotupa chimodzi choti dokotala angachidule n'kuchitaya. Imayanga pa nembanemba yonse, n'kuikhuthalitsa mpaka kufika pomanga phapo ngati khungwa lokuta mtengo, motero phapolo limalephera kufufuma.

Chifukwa cha kakulidwe kotereka, chithandizo chachikulu cha matendawa ndi mankhwala oyenda m'magazi n'kufika paliponse m'thupi. Kuyambira mu 2004 mpaka mu 2020, chithandizo choyambirira chomwe madokotala ankadalira chinali chemotherapy, yomwe ndi mankhwala opha maselo a khansa. Lero pali njira zinanso, koma chemotherapy idakali msana wa chithandizochi m'mayiko ambiri. Mankhwalawa sachiza khansayi kotheratu. Ntchito yawo ndi kuiphwetsa, kuchepetsa befu ndi ululu, komanso kutalikitsa moyo wa wodwala.

Gwero la matendawa

Odwala ambiri a mesothelioma anapumapo fumbi la asibesitosi. Umenewu ndi mwala wokhala ndi ulusi wosapsa ndi moto, womwe unkagwiritsidwa ntchito popanga malata a denga, mapaipi a madzi, mabuleki a galimoto ndi zotchingira kutentha m'mafakitale ndi m'sitima zapamadzi. Ukaphwanyidwa umatulutsa tiulusi tosaoneka ndi maso. Tiulusito tikalowa m'mapapo, tina sititulukanso, ndipo tina mwa timeneti timaboola n'kukafika pa nembanemba, pomwe timanyerenyetsa maselo kwa zaka zambiri. Matenda amadzaonekera patapita zaka 20 mpaka 50, munthu ataiwala kale ntchito yomwe inamudwalitsa.

Mgwirizano wa asibesitosi ndi khansayi unatsimikizidwira ku South Africa. Pa chipatala cha TB ku Kimberley, dokotala Christopher Sleggs anaona kuti odwala ena okhala ndi madzi m'chifuwa, ochokera kumadzulo kwa mzindawo, sankachira ndi mankhwala a TB monga anzawo. Mu 1960, iye pamodzi ndi Christopher Wagner ndi Paul Marchand anafalitsa lipoti la odwala 33 a mesothelioma, ndipo 32 mwa iwo anali atakhudzanapo ndi asibesitosi wabuluu wokumbidwa m'chigawo chomwe muli matauni a Kuruman ndi Prieska. Ambiri sanagwirepo n'komwe ntchito mumgodi. Ankangokhala pafupi ndi migodi kapena kusewera pa milu ya zinyalala zake ali ana. Azimayi ochapa maovolosi a amuna awo nawonso anapezeka kuti ali pachiopsezo.

Nkhaniyi ikukhudzanso olankhula Chichewa, chifukwa migodi ya asibesitosi woyera ya ku Zvishavane ndi ku Mashava m'dziko la Zimbabwe inalemba ntchito anthu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo zidzukulu zawo zidakali komweko. Asibesitosi woyera sawopsa kufika pa wabuluu, komabe bungwe la World Health Organization limati mitundu yonse imayambitsa khansa. Dziko la Britain linaletseratu asibesitosi mu 1999, South Africa mu 2008, koma ku Britain anthu oposa 2,000 amamwalirabe ndi mesothelioma chaka chilichonse chifukwa cha fumbi lomwe anapuma kalekale.

Kupima asanayambe mankhwala

Zizindikiro zoyamba ndi befu, ululu wa m'nthiti mbali imodzi, kutsokomola, kuwonda ndi kutuluka thukuta usiku. X-ray imaonetsa madzi odzaza mbali imodzi ya chifuwa. M'mayiko a kummwera kwa Africa zizindikiro zimenezi nthawi zambiri zimakhala za TB, n'chifukwa chake wodwala angathe kumwa mankhwala a TB kwa miyezi ingapo khansa isanaganiziridwe. Madzi akamabwererabwerera atapopedwa, munthu osapezako bwino ndi mankhwala a TB, mbiri ya ntchito zomwe anagwirapo imakhala yofunika kwambiri kwa dokotala.

Chemotherapy siperekedwa mongoganizira. Sikani ya CT imaonetsa pomwe khansa yafika, koma umboni weniweni umachokera ku labotale, akadula kachidutswa ka nembanemba n'kukapima. Kupima madzi okha kawirikawiri sikukwanira. Kachidutswako kamaululanso mtundu wa maselo a khansayo, ndipo mitundu yake ilipo itatu. Mtundu wa epithelioid umapezeka mwa odwala oposa theka, umakula pang'onopang'ono poyerekeza ndi inayo, ndipo umamva bwino chemotherapy. Mtundu wa sarcomatoid umapezeka mwa wodwala mmodzi kapena awiri pa khumi alionse, umathamanga ndipo ndi wamakani ku mankhwalawa. Wachitatu, wa biphasic, ndi wosakanikirana maselo a mitundu iwiriyo. Kusiyana kumeneku ndiko kumatsogolera dokotala posankha mankhwala.

Malo a opaleshoni

Kwa zaka zambiri madokotala ena ankachita opaleshoni yaikulu yosenda nembanemba yonse, nthawi zina n'kuchotsanso phapo. Vuto ndi loti n'kosatheka kuchotsa khansa yoyanga chonchi popanda kusiyako maselo ena. Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa MARS 2, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2024, anatenga odwala 335 n'kuwagawa pawiri: ena analandira chemotherapy yokha, ena chemotherapy ndi opaleshoni yosenda nembanemba. A chemotherapy yokha anakhala ndi moyo miyezi 24.8, pomwe a opaleshoni anakhala miyezi 19.3 ndipo anakumana ndi zovuta zambiri.

Ziwerengero za miyezi ngati zimenezi zimafunika kuzimvetsa bwino. Sizinena tsiku lomwe wodwala wina aliyense adzamwalire. Zimatchula nthawi yomwe theka la gulu linali lidakali moyo, kutanthauza kuti theka linalo linapitirira pamenepo, ena mwa iwo ndi zaka zingapo.

Momwe chemotherapy imagwirira ntchito

Selo la khansa limagawikana mosalekeza, ndipo lisanagawikane liyenera kukopera DNA yake yonse, yomwe ndi malangizo oyendetsera selo. Mankhwala a chemotherapy amasokoneza ntchito yokopera imeneyi. Pa mesothelioma amaphatikiza mankhwala awiri omenya mbali zosiyana.

Oyamba ndi cisplatin, opangidwa kuchokera ku chitsulo cha platinamu. Mphamvu yake inatulukira mwangozi mu 1965, pomwe Barnett Rosenberg wa ku Michigan State University anaona kuti tizilombo ta bakiteriya tasiya kugawikana m'madzi momwe munali timawaya ta platinamu. Anavomerezedwa kukhala mankhwala a khansa mu 1978. Cisplatin akalowa m'selo amamatirira pa DNA n'kumanga ulusi wake pamodzi, moti selo limalephera kuiwerenga ndipo limafa.

Achiwiri ndi pemetrexed, omwe anatulukira kuchokera ku ntchito ya Edward Taylor wa ku Princeton University mogwirizana ndi kampani ya Eli Lilly, ndipo poyamba ankagulitsidwa ndi dzina loti Alimta. Mankhwalawa amafanana ndi vitamini wa folic acid, yemwe selo limamufuna popanga zomangira DNA. Selo limawalandira ngati vitamini, iwo n'kutseka njira zopangira zomangirazo.

Maselo abwinobwino ogawikana msanga nawonso amakhudzidwa, makamaka a m'mafuta a m'mafupa momwe mumapangidwa magazi, a m'kamwa ndi a m'matumbo. Mwayi ndi woti maselo abwino amachira msanga kuposa a khansa. Pa chifukwa chimenechi mankhwala amaperekedwa kudzera mu diripi tsiku limodzi, thupi n'kupuma milungu itatu lisanalandire ena.

Pemetrexed ndi cisplatin

Chaka cha 2003 chisanafike panalibe mankhwala omwe anali atasonyeza pa kafukufuku wamkulu kuti amatalikitsa moyo wa odwala mesothelioma. M'chaka chimenecho, Nicholas Vogelzang ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 456 a m'mayiko osiyanasiyana. Olandira cisplatin yekha anakhala ndi moyo miyezi 9.3, pomwe olandira pemetrexed ndi cisplatin anakhala miyezi 12.1. Khansa inaphwa mooneka mwa odwala 41 pa 100 alionse olandira mankhwala awiri, poyerekeza ndi 17 pa 100 alionse a gulu linalo, ndipo befu ndi ululu zinachepa. Bungwe loona za mankhwala ku United States la FDA linavomereza njirayi mu February 2004.

Kafukufukuyu anaphunzitsanso chinthu china chomwe chikutsatidwa mpaka lero. Kumayambiriro kwake odwala ena anamwalira chifukwa pemetrexed anawaphera maselo a magazi mopitirira muyeso. Ofufuza atayamba kupereka folic acid ndi vitamini B12, zovutazo zinachepa kwambiri, mankhwala osataya mphamvu yake pa khansa. Choncho wodwala amayamba kumwa piritsi la folic acid tsiku lililonse kutatsala sabata kuti alandire pemetrexed, ndipo amapitiriza mpaka masiku 21 atalandira komaliza. Amabayidwanso jakisoni wa B12 asanayambe, kenako pakatha milungu 9 iliyonse. Mapiritsi a dexamethasone amamwedwa masiku atatu, kuyambira dzulo lake la diripi mpaka mawa lake, pofuna kupewa nsungu ndi kuyabwa kwa khungu. Mavitaminiwa si ongowonjezera thanzi ayi, ndi mbali ya chithandizo, ndipo kuwadumphitsa n'koopsa.

Mlingo wa mankhwala amauwerengera potengera msinkhu ndi kulemera kwa munthu, zomwe zimapereka kukula kwa khungu la thupi lonse. Pa sikweya mita iliyonse amapereka mamiligalamu 500 a pemetrexed ndi 75 a cisplatin. Tsiku la diripi lisanafike amapima magazi kuti aone kuchuluka kwa maselo ndi momwe impso ndi chiwindi zikugwirira ntchito. Pemetrexed amalowa kwa mphindi 10 zokha. Cisplatin amatsatira patatha pafupifupi theka la ola ndipo amatenga maola awiri, koma wodwala amatha tsiku lonse m'chipatala chifukwa amafunika madiripi a madzi ambiri asanalandire ndi atalandira, oteteza impso. Zimenezi zimabwerezedwa pakatha masiku 21 alionse, maulendo 4 mpaka 6. Pakatha maulendo awiri kapena atatu amajambulanso sikani. Khansa ikaphwa kapena ikaima, amapitiriza. Ikamakulabe, amasiya n'kuganizira njira ina. Kupitiriza pemetrexed yekha maulendo 6 atakwana kunayesedwa, koma sikunasonyeze phindu.

Mankhwala olowa m'malo

Cisplatin ndi wolemera kwa okalamba ndi kwa omwe impso zawo kapena makutu awo ndi ofooka. Oterewa amapatsidwa carboplatin, yemwenso ndi wa platinamu koma savutitsa impso kwambiri, sasanzitsa kwambiri, ndipo safuna madiripi ambiri a madzi. Mlingo wake amauwerengera potengera mphamvu ya impso. Choipa chake n'choti amatsitsa kwambiri maselo a magazi, makamaka othandiza magazi kuundana. Pomuphatikiza ndi pemetrexed, zotsatira zake zimayandikana ndi za cisplatin, ndipo popeza odwala mesothelioma ambiri ndi achikulire, zipatala zambiri zimakonda njira imeneyi.

Raltitrexed ndi mankhwala a m'banja limodzi ndi pemetrexed. Kafukufuku wa odwala 250 wofalitsidwa mu 2005 anapeza kuti powaphatikiza ndi cisplatin odwala anakhala miyezi 11.4, poyerekeza ndi 8.8 ya cisplatin yekha. Gemcitabine ndi cisplatin ndi njira ina yomwe inayamba kuyesedwa ku Western Australia, dera lomwe linali ndi mgodi wa asibesitosi wabuluu ku Wittenoom. Umboni wake ndi wa kafukufuku wa magulu ang'onoang'ono, koma imagwiritsidwa ntchito pomwe pemetrexed palibe kapena wodwala sangamulandire. Kuipa kwake n'koti gemcitabine amafuna kuti munthu abwere ku chipatala kawiri kapena katatu pa ulendo umodzi wa mankhwala.

Palinso bevacizumab, yemwe sapha maselo mwachindunji koma amalepheretsa khansa kumera mitsempha yatsopano yoidyetsa magazi. Kafukufuku wa ku France wotchedwa MAPS, wa odwala 448, anafalitsidwa mu 2016. Owonjezeredwa bevacizumab pa pemetrexed ndi cisplatin anakhala miyezi 18.8, enawo 16.1. Mankhwalawa amakweza BP, amatha kuyambitsa kuundana kwa magazi m'mitsempha kapena kukha magazi, choncho sayenera munthu wa matenda a mtima, wa BP yosatsika kapena womwa mankhwala osungunula magazi.

Mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi

Kusintha kwakukulu kunabwera ndi mankhwala a mtundu wina otchedwa immunotherapy. Maselo a khansa ali ndi njira yogonetsera asilikali a m'thupi kuti asawaukire, ndipo mankhwalawa amatseka njira imeneyo. Kafukufuku wotchedwa CheckMate 743, wa odwala 605, anayerekeza nivolumab ndi ipilimumab mbali imodzi, chemotherapy mbali inayo. Oyambawo anakhala miyezi 18.1, a chemotherapy 14.1, ndipo FDA inavomereza mankhwalawa mu October 2020.

Chofunika kwambiri pa kafukufukuyu chinali kusiyana kwa mitundu ya maselo. Kwa odwala a sarcomatoid ndi biphasic, immunotherapy inapereka miyezi 18.1 pomwe chemotherapy inapereka 8.8 yokha. Kwa a epithelioid kusiyana kunali kochepa. Tanthauzo lake n'loti wodwala wa epithelioid amene walandira chemotherapy sanamanidwe kanthu kakakulu, pomwe wa mitundu inayo amapindula kwambiri ndi mankhwala atsopanowa ngati angapezeke. Njira yachitatu ndi yophatikiza pembrolizumab ndi chemotherapy. Pa kafukufuku wa odwala 440 wochitikira ku Canada, Italy ndi France, ophatikiziridwa anakhala miyezi 17.3, enawo 16.1, ndipo FDA inavomereza njirayi mu September 2024.

Immunotherapy ili ndi zovuta zakezake. Chitetezo chikadzutsidwa chimatha kuukira ziwalo zabwinobwino monga matumbo, chiwindi, mapapo, khungu ndi chithokomiro, ndipo nthawi zina zimenezi zimayamba patapita miyezi. Imaperekedwa mpaka zaka ziwiri, ndipo mtengo wake ndi wokwera kwambiri poyerekeza ndi chemotherapy, yomwe tsopano imapangidwa ndi makampani ambiri. Ichi n'chifukwa china chomwe chemotherapy idakali njira yofikirika kwa odwala ochuluka padziko lapansi.

Zomwe dokotala amayang'ana posankha

Kuwonjezera pa mtundu wa maselo, dokotala amayang'ana mphamvu za wodwala. Pali muyeso woyambira pa 0 kufika pa 4. Pa 0 pali munthu wogwira ntchito zake zonse, pa 1 wolephera ntchito zolemetsa zokha, pa 2 wodzisamalira yekha koma wosatha kugwira ntchito, pa 3 wokhala chigonere kuposa theka la usana, ndipo pa 4 wosadzuka n'komwe. Chemotherapy imathandiza a pa 0 ndi 1, nthawi zina a pa 2. Kwa a pa 3 ndi 4 imawononga kuposa kuthandiza, ndipo dokotala wokana kuipereka kwa wodwala wotere sakumutaya, akumuteteza.

Impso zimapimidwa mosamala chifukwa pemetrexed ndi cisplatin yemwe amatuluka m'thupi kudzera mumkodzo. Impso zikafooka, mankhwala amachedwa kutuluka ndipo poizoni wake amachuluka. Mankhwala ena omwe munthu akumwa kale ayeneranso kudziwika. Mapiritsi opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac amachedwetsa kutuluka kwa pemetrexed, choncho amaimitsidwa masiku ozungulira tsiku la diripi. Tenofovir, yemwe ali m'ma ARV omwe anthu ambiri amamwa, amalemetsa impso monga cisplatin. Bactrim ndi Fansidar amasokoneza folic acid m'thupi monga pemetrexed. Wodwala sayenera kusiya yekha mankhwala ngati amenewa, koma kuwatchula onse kwa dokotala, pamodzi ndi azitsamba omwe, kuti dokotalayo aone choyenera kusintha.

Maganizo a wodwala mwini nawonso ali ndi malo. Wina amalolera zowawa za mankhwala kuti apeze miyezi yowonjezera. Wina, makamaka wokhala kutali ndi chipatala, amasankha kukhala pakhomo ndi abale ake akulandira chithandizo chochepetsa ululu. Zonse ziwiri ndi zosankha zomveka, bola munthu atauzidwa zoona za phindu ndi zovuta zake.

Zovuta za mankhwala ndi kusamala kwake

Mseru ndi kusanza ndizo zomwe anthu amaopa kwambiri, makamaka pa cisplatin. Masiku ano zimachepetsedwa ndi mankhwala monga ondansetron, dexamethasone, aprepitant ndi olanzapine, omwe amagwira bwino akamwedwa mseru usanayambe. Kutopa kumakula ulendo ndi ulendo. Chilakolako cha chakudya chimachepa, zakudya zimasintha kakomedwe, ndipo m'kamwa mungatuluke zilonda. Kudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, zakudya zofewa monga phala lothira nsinjiro, kumathandiza kuti thupi lisathe. Tsitsi limapyapyala, koma pa mankhwala awiriwa si kawirikawiri kuti lithothoke lonse.

Cisplatin angawononge impso, n'chifukwa chake wodwala amalangizidwa kumwa madzi ambiri ndi kunena msanga mkodzo ukachepa, kapena akamasanza ndi kutsekula m'mimba mosalekeza. Angayambitsenso kulira kwa m'makutu, kusamva bwino, ndi dzanzi m'zala za kumanja ndi kumapazi. Zimenezi nthawi zina sizitha ngakhale mankhwala atasiyidwa, choncho zikangoyamba dokotala amachepetsa mlingo kapena kusinthira ku carboplatin.

Choopsa kwambiri ndi kutsika kwa maselo oyera a magazi, komwe kumafika pachimake m'sabata yachiwiri munthu atalandira diripi. Pa nthawiyi thupi limakhala lopanda chitetezo chokwanira, ndipo matenda ang'onoang'ono angalowe m'magazi n'kupha munthu m'maola ochepa. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena munthu akamanjenjemera ndi kuzizidwa, afunika kupita ku chipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku, ndi kunena kuti ali pa chemotherapy. M'madera a malungo chizolowezi chimakhala chogula panado kapena mankhwala a malungo n'kudikira kuti kuche. Kwa munthu wa pa chemotherapy kudikira kotereku n'koika moyo pachiswe, chifukwa amafunika kupimidwa magazi ndi kulandira mankhwala opha mabakiteriya kudzera mumtsempha mwamsanga, ngakhale malungo atapezekanso. Kugona m'neti, kusamba m'manja, kumwa madzi otetezedwa ndi kupewa anthu odwala chimfine kumachepetsa chiopsezo.

Mankhwalawa amawononga mwana wosabadwa, motero mwamuna kapena mkazi amene akuwalandira afunika kulera pa nthawi yonse ya chithandizo ndi miyezi ingapo pambuyo pake. Khansayi siipatsirana, ndipo wodwala angathe kudya ndi kugona m'nyumba imodzi ndi abale ake popanda vuto.

Khansa ikayambiranso

Pafupifupi mwa odwala onse, mesothelioma imayambanso kukula, kawirikawiri pasanathe chaka chithereni mankhwala oyamba. Chochita chimadalira zomwe munthu analandira kale ndi mphamvu zomwe watsala nazo. Amene anayamba ndi immunotherapy amapatsidwa pemetrexed ndi platinamu. Amene anayamba ndi chemotherapy angapatsidwe nivolumab: kafukufuku wa ku Britain wotchedwa CONFIRM, wa odwala 332, anapeza kuti olandira mankhwalawa anakhala miyezi 10.2, pomwe osalandira anakhala 6.9.

Ngati khansa inamva bwino pemetrexed ndipo inakhala phee kwa nthawi yaitali, mankhwala omwewo angabwerezedwe. Vinorelbine, yemwe alipo wa diripi ndi wa makapisozi, ndi njira ina. Pa kafukufuku wina wa ku Britain anaimitsa khansa kwa miyezi 4.2 poyerekeza ndi 2.8 ya osalandira, koma sanatalikitse moyo. Gemcitabine yekha amagwiritsidwanso ntchito. Phindu la mankhwala achiwiri ndi achitatu limanka lichepa pomwe zovuta zake zikunka zikula, ndipo imafika nthawi yoti kusiya mankhwala ndiko kumakhala chithandizo chabwino.

Chithandizo choyendera limodzi ndi mankhwala

Kuchepetsa befu ndi ululu sikudikira kuti chemotherapy ilephere kaye. Kumayamba tsiku lomwe matenda apezeka. Madzi a m'chifuwa amapopedwa, ndipo kuti asabwerere, dokotala amathira ufa wa talc pakati pa zigawo ziwiri za nembanemba kuti zimatane. Phapo likakhala kuti lamangika moti silingafufume, amaika kapaipi kokhalitsa kotulutsira madzi kunyumba. Morphine wakumwa amachepetsa ululu ndi befu lomwe, ndipo akamwedwa monga mwa malangizo safupikitsa moyo. Radiotherapy imathandiza pa malo amodzi owawa kwambiri, monga pomwe khansa yalowerera m'nthiti.

Ku Malawi chemotherapy imaperekedwa ku zipatala zazikulu za Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, pomwe ku Zambia kuli Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Ku South Africa kuli bungwe la Asbestos Relief Trust, lokhazikitsidwa mu 2003, lomwe limapereka chipukutamisozi kwa omwe anadwala chifukwa cha ina mwa migodi ya asibesitosi ya m'dzikomo, ndipo zikalata za ntchito ndi zotsatira za ku labotale zimakhala umboni wofunika pa nkhani zotere.

Pa njira zonse zomwe zilipo, pemetrexed wophatikiza ndi cisplatin kapena carboplatin ndiye ali ndi mbiri yaitali, ndipo ndi woyenerabe kwa wodwala wa epithelioid amene ali ndi mphamvu ndi impso zabwino. Kwa wa sarcomatoid kapena biphasic, immunotherapy ndiyo yoyenera kuyambira pomwe ingapezeke. Njira zonsezi zimathandiza munthu amene akutha kuyenda ndi kudzisamalira yekha, osati amene wafooka kale. Choncho aliyense amene anagwirapo ntchito mumgodi wa asibesitosi, kukhala pafupi nawo, kapena kucheka malata ndi mapaipi ake, ayenera kutchula zimenezi ku chipatala akangoyamba befu kapena ululu wa m'nthiti wosatha, ngakhale zitakhala kuti zinachitika zaka 40 zapitazo.